Mwana wokulira ku Songo akufuna kudzajambula mapulani a nyumba: timuthandize bwanji?

Malume_Furancungo

Moni nonse abale. Pali mwana wa mlongo wanga, mtsikana, ali kalasi 11. Anabadwira ku Songo ndipo wakulira komweko chifukwa bambo ake amagwira ntchito kumeneko. Kuno ku Macanga amangobwera pa tchuthi, naponso kamodzikamodzi. Wanenetsa kuti akufuna kudzaphunzira arquitectura, zojambula mapulani a nyumba ndi matauni.

Pabanja tagawanika. Ena akuti mwanayu ali ndi mwayi poti wakula akuona misewu yowongoka ndi nyumba zomangidwa mwadongosolo. Ena akuti adzavutika, chifukwa anthu amene adzawajambulire nyumba amakhala ku Matundo, ku Ulónguè, ku Moatize, kumene zinthu sizili ngati ku Songo. Inu odziwa ntchitoyi, kukulira m'tauni yomangidwa ndi pulani kumasiya chiyani m'mutu mwa mwana? Nanga nthawi yatsalayi asanalembe mayeso olowera ku yunivesite azichita chiyani? Ndikufuna zinthu zogwirika, zoti ndikamuuza akayambe.

Mapulani_Tete

A malume, tiyambe ndi Songoyo. Tauni imeneyi sinakule pang'onopang'ono monga Zóbuè, kumene msewu ndi msika zinayamba, nyumba n'kumabwera pambuyo. Inajambulidwa kaye. Ntchito yomanga damu la Cahora Bassa itayamba mu 1969 panafunika pogona anthu ambirimbiri pamwamba pa phiri paja, ndipo damulo litatha mu 1974 tauniyo inatsalabe ya kampani ya magetsi. Ndiye mwana wokulira m'nyumba za kampani waona tsiku ndi tsiku zinthu zimene anzake ambiri m'chigawo chino sanazione: nyumba zonse kutalikirana ndi msewu mofanana, ngalande yotsata m'mbali mwa phula, madzi a pampopi m'nyumba, mitengo yobzalidwa pamzere.

Chimene amapata choyamba ndi diso la muyeso. Miyendo yake ikudziwa kale kukula kwa msewu woti magalimoto awiri apambane, ndi danga loyenera pakati pa khonde ndi mpanda. Ophunzira ambiri amatenga nthawi kuti amve m'thupi kuti mzere wa masentimita 3 papepala la 1:100 ndi chipinda cha mamita 3, chimene mukaikamo bedi la mamita 2 pamatsala poyenda pochepa. Chinanso, ndipo ichi ndiye chimene chimakokera ana otere ku ntchitoyi, amazindikira msanga kuti malo amachita kuganiziridwa ndi munthu. Akaona mphambano amadziwa kuti wina anaijambula, ndipo akanatha kuijambula mwina.

Koma pali zimene tauni yotere imabisa. Mwana amakula akuyesa kuti madzi, magetsi ndi msewu zimabwera zokha nyumba isanamangidwe, pamene m'mabairro ambiri munthu amamanga kaye, mpopi n'kudzabwera patatha zaka, kapena osabwera n'komwe. Amayesa kuti nyumba imatha tsiku lolandira kiyi. Amayesa kuti banja ndi bambo, mayi ndi ana, basi, poti nyumba ya kampani sulola kuwonjezera chipinda cha agogo. Ndipo amaphunzira mosadziwa kuti kukula kwa nyumba kumatsata udindo wa pantchito. Nthawi ya Apwitikizi ku Songo kunkatsatanso khungu: azungu kwawo, anthu akuda kumisasa kwawo. Lamulolo linatha, koma mizere imene inajambulidwa nthawi imeneyo ikadalipo pansi, ndipo mwana amene sanauzidwe amayesa ndi mmene tauni iyenera kukhalira.

Si Songo yekha. Brasília, likulu la dziko la Brazil, anaitsegula mu 1960, pulani ya Lúcio Costa ndi nyumba za Oscar Niemeyer. Kumeneko anthu amakhala m'mabwalo akuluakulu a mamita pafupifupi 280 mbali iliyonse, ozunguliridwa ndi mitengo, nyumba zake zosapitirira nsanjika 6 ndiponso zoimikidwa pa mizati kuti pansi pake munthu azidutsa. Mwana amapita kusukulu osadumpha msewu waukulu. Zabwino kwambiri. Koma amene anamanga mzindawo ambiri sanapeze malo m'kati mwake, ndipo mu 1971 boma linatsegula Ceilândia kutali kukaikako anthu a m'zisakasa. Lero anthu ambiri a kumeneko amakhala kunja kwa pulani yoyamba ija.

Pafupi pano, amene anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo akuidziwa Lilongwe. Likulu linasamukira kumeneko kuchokera ku Zomba mu 1975, mzinda wogawidwa m'ma Area a manambala, Old Town kwina City Centre kwina, pakati pake nkhalango ya mumtsinje wa Lingadzi. Kwa wa galimoto ndi mzinda wokongola. Kwa woyenda pansi ndi mitunda yokhayokha. Ndipo pafupi ndi Area 47 pali Mtandire, dera limene anthu anamanga okha, limene pa pulani yoyamba silinawerengedwe. Mwana wa ku Area 47 ndi wa ku Mtandire atati ajambule nyumba, mudzaona zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wojambula mapulani wabwino amafunika kudziwa zonse ziwirizo.

Mayi_wa_ku_Ulongue

Achimwene a Mapulani mwapita nafe kutali ku Brasília, chonsecho sukulu yaikulu ya nkhaniyi ili pakhomo pompano. M'chigawo cha Tete anthu aikidwa m'mizere katatu konse m'zaka zosakwana 50. Apwitikizi, nkhondo yomenyera ufulu itakula, anakusira anthu m'ma aldeamento, midzi yokakamiza, kuti aziwayang'anira. Ufulu utabwera mu 1975 kunadza ma aldeia comunal, midzi ya limodzi yokhazikitsidwa ndi boma. Ndiye migodi ya malasha itabwera ku Moatize kunamangidwa malo a anthu osamutsidwa: Cateme, 25 de Setembro ndi Mwaladzi.

Tengani Cateme. Mabanja oposa 700 anasamutsidwira kumeneko mu 2009 ndi 2010 pamene mgodi wa kampani ya Vale unkatsegulidwa, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Papepala panalibe chosowa: misewu yowongoka, sukulu, chipatala, nyumba za simenti ndi malata. Pa 10 Januwale 2012 anthu omwewo anatseka njanji ya malasha. Madandaulo awo anali ming'alu m'makoma, minda ya miyala, madzi ovuta, ndi kutalika kwa msika. Kumene anachoka ena ankaumba ndi kuotcha njerwa, ena ankagulitsa makala m'tauni, ena ankalima madimba m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè. Pulani inayeza zipinda bwinobwino koma sinayeze mtunda wochokera pakhomo kukafika kumene ndalama ya ndiwo imapezeka. Chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012, lamulo la kasamutsidwe ka anthu, imene imanena za nyumba ya zipinda zogona 3 ya masikweya mita 70, puloti yosachepera masikweya mita 800 m'tauni ndi 5,000 kumudzi. Mtsikanayo aiwerenge, kenako adzifunse chifukwa chake kumudzi anaika malo aakulu chotero.

Yankho lake ndi bwalo. Kwa ife nyumba yogona ndi kachigawo chabe ka pakhomo. Kuphika kumachitika m'khitchini yapadera kapena panja pa mafuwa, chifukwa utsi wa nkhuni sungausunge m'nyumba yogona, ndipo amene amajambula khitchini ya m'kati ya mamita 2 ndi 3 kwa banja lophikira nkhuni amangopatsa anthu sitolo yosungira matumba. Pafunika pa nkhokwe, pa thandala, poimika mtondo, poyanika ufa ndi mfutso pamene mbuzi sizifika, khola kumunsi kwa mphepo, bafa ndi chimbudzi kuseri kumene mlendo wokhala pakhonde saona amene akulowa. Anyamata akakula sagonanso denga limodzi ndi makolo, amafuna gowelo. Kumene kuli chikamwini, mwana wamkazi akakwatiwa mwamuna wake amamanga pomwepo, ndipo khomo lake siliyenera kupenyana ndi la apongozi. Pulani yosasiya malo a nyumba yachiwiri ndi yachitatu imaswa banja pakatha zaka 10, ngakhale makoma ake akhale olimba chotani.

Ndiye maliro. Izi sizilembedwa m'mabuku a mapulani, koma pakhomo paliponse tsiku lina padzasonkhana khamu. Amayi m'nyumba ya siwa, abambo panja pamthunzi, ophika kuseri ndi miphika ikuluikulu. Bokosi liyenera kutuluka pakhomo osalipendeketsa. Chitseko cha masentimita 80 chokhala kumapeto kwa kakhonde ka m'kati kopapatiza ndiponso kokhota chimachititsa manyazi tsiku limenelo. Chitseko chachikulu chikhale masentimita 90 kapena mita yathunthu, ndipo chiyang'ane pabwalo mwachindunji.

Pa puloti wamba ya mamita 15 ndi 30, amene wakulira m'nyumba za kampani amakonda kuika nyumba pakatikati, kutsogolo kapinga, kumbuyo kapinga. Nyumba ya mamita 10 m'lifupi ndi 7 kulowa m'kati ikakhala pakati imasiya mamita 2.5 mbali iliyonse, malo osakwana ngolo kudutsa bwino komanso osakwana kumangapo kanthu, ndipo bwalo limaduka pawiri, mamita 11.5 kutsogolo ndi 11.5 kumbuyo. Ikankhireni kutsogolo, isiye mamita 4 kapena 5 kuchokera kumpanda, ndiponso mbali imodzi isiye mamita 1.5 ngati a município akulola. Mbali inayo patsala mamita 3.5, njira ya ngolo ya ng'ombe yobweretsa chimanga kapena mbatata, ndipo kumbuyo kutsala bwalo limodzi la mamita 18 kapena 19 ndi 15 loti banja lizikuliramo. Kuno ku Angónia, kumene ngolo ndi galimoto ya aliyense, geti losakwana mamita 3 ndi geti lodzagumulidwa.

A malume a mwana, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tchuthi chikubwerachi asachithere ku Songo. Abwere kwanuko, azidzuka ndi amayi a pakhomo, aone kumene amaponda kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo.

Malume_Furancungo

Zikomo amayi, zikomo achimwene. Za gowelo ndi apongozi sindinaziganizire kuti zikukhudza mapulani. Nanga za ming'alu mwatchulazo, si za amisiri omanga ndi mainjiniya zimenezo? Wojambula afunika kudziwanso za simenti?

Mmisiri_Moatize

Afunika bwana, apo ayi adzajambula zinthu zoti ife tizidzamuseka kumbali. Pulani imodzi yokopera nyumba 300 ndiye gwero la mavuto ambiri, chifukwa pepala ndi limodzi koma dothi si limodzi. Mzere womwewo, nyumba iyi ili pa thanthwe, yachitatu ili pa makande, yachisanu ili pamene panali chulu. Mwana wokulira pamene nyumba zonse n'zofanana saganiza zoyamba wafunsa kuti pansipa pali chiyani.

Makande ndiwo mdani wamkulu kuno kuchigwa. Mvula ikagwa amafufuma, chilimwe amauma n'kung'ambika mpaka dzanja kulowa. Nyumba imakwera ndi kutsika chaka chilichonse, ndipo m'mbali mumasuntha kwambiri kuposa pakati chifukwa m'mbali ndimo mumanyowa ndi kuuma msanga. Mng'alu wake umadziwika: umayambira pakona ya windo kapena ya chitseko n'kupita chopingasa ngati masitepe. Kuumata ndi simenti n'kutaya ndalama, umabweranso Okutobala wotsatira.

Musanajambule chilichonse kumbani maenje oyesera, awiri kapena atatu, akuya mita imodzi ndi theka. Tengani dothi la pansi, linyowetseni, lipoteni m'manja. Likapanga kachingwe katali kosaduka ndiponso lonyezimira mukalidula, ndi dongo lovuta limenelo. Pa dothi labwino nyumba yopanda nsanjika imakhala bwino pa maziko akuya masentimita 60 mpaka 80, konkire ya pansi masentimita 60 m'lifupi ndi 20 kuchindikala. Pa makande kumbani mpaka mupeze dothi lolimba, kosachepera mita imodzi, ndipo pansi pa nyumba chotsani lakudalo muthire dothi la miyala, masentimita 15 n'kutsendera, 15 ena n'kutsendera, osati kuthira lonse kamodzi n'kupondaponda pamwamba. Ikani lamba wa konkire pamwamba pa maziko ndi wina pamwamba pa mawindo kuzungulira nyumba yonse osaduka, zitsulo 4 za mamilimita 10, zomangidwa ndi timphete ta mamilimita 6 pa masentimita 20 aliwonse. Panja thirani konkire ya mita imodzi kuzungulira khoma, yotsetserekera kunja, kuti madzi a padenga asalowe m'maziko. Mitengo yomwa madzi kwambiri ngati bulugamu ikhale kutali, ndipo pa makande ngakhale mango asayandikire khoma mamita 5.

Konkire ya lamba ndi muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, itatu ya miyala, zoyezera ndowa imodzimodzi, osati fosholo, chifukwa fosholo ya mchenga wonyowa imanyamula zambiri kuposa ya simenti. Mabuloko a masentimita 15 olimba amatuluka 30 mpaka 35 pa thumba la makilogalamu 50. Akakuuzani kuti thumba latulutsa 55, ligwetseni buloko limodzi kuchokera m'chiuno muone. Kuno kukatentha madigiri 40 konkire imauma isanalimbe, ndiye thirani m'mawa kwambiri kapena madzulo, muiphimbe ndi matumba onyowa, muziithirira masiku 7 osadumphitsa. Mphamvu yake yonse imafika pa masiku 28.

Za dzuwa tsono. Ku Songo kuli pamwamba, mamita pafupifupi 900, kumazizirako. Mzinda wa Tete sufika mamita 200, ndipo Ulónguè apitirira 1,200. Nyumba yokoma ku Songo ikhoza kukhala uvuni ku Matundo ndiponso yozizira mopweteka ku Angónia mu Juni. Kuchigwa kuno makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, aafupi kum'mawa ndi kumadzulo. Denga lotuluka masentimita 60 limaphimba khoma la kumpoto pafupifupi mamita 2 masana a kumapeto kwa Seputembala, pamene kutentha kwayamba, koma mu Juni limangophimba masentimita 70 okha, dzuwa n'kulowa nthawi imene likufunika. Kumadzulo denga silithandiza chifukwa dzuwa la 3 kapena 4 koloko limabwera chammbali. Kumeneko musaikeko chipinda chogona kapena windo lalikulu. Ikaniko bafa, sitolo, khonde, kapena bzalani nimu kapena msau patali pang'ono. Siling'i ikhale mamita 3 kuchokera pansi, ndipo pakati pa siling'i ndi malata pakhale potulukira mpweya mbali zonse ziwiri, potsekedwa ndi neti kuti mileme isalowe. Chipinda chilichonse chikhale ndi mawindo pa makoma awiri kuti mphepo idutse. M'tauni ya pulani nyumba imayang'ana msewu kaya msewuwo ukulowera kuti, ndipo chizolowezi chimenecho ndicho choyamba kuchichotsa m'mutu.

Ku Angónia n'kosiyana. Njerwa zootcha zochindikala zimasunga kutentha kwa masana mpaka usiku, mawindo akulu ayang'ane kumpoto, ndipo mvula poti ndi yambiri, pansi pa nyumba pakwezedwe masentimita 30 kapena kuposa, ndi pulasitiki pakati pa maziko ndi khoma kuti chinyezi chisakwere.

Aphunzitsi_DGD

Pa funso lachiwiri lija, a malume. Zofunika ndi kope la timabokosi, pensulo, tepi ya mamita 5 ndi chingwe. Kompyuta idikire.

Ayambe wayeza sitepe yake. Ayeze mamita 20 ndi tepi, ayende mwachizolowezi kangapo akuwerenga masitepe, agawe. Ambiri amapeza masentimita 65 mpaka 75 pa sitepe. Akatero ali ndi tepi yoyenda nayo paliponse popanda anthu kumudabwa. Ndiye ajambule nyumba ya kwawo ku Songo pa 1:100, sentimita imodzi kuimira mita imodzi, makoma ndi kuchindikala kwake, zitseko ndi kumene zimatsegukira. Akabwera kwanuko ajambule pakhomo panu pa sikelo yomweyo, koma ndi zonse: nkhokwe, thandala, khola, mitengo, dzenje la zinyalala. Pa mapepala onse awiri alembe ndi pensulo yofiira pamene pamakhala anthu 6 koloko m'mawa, masana, ndi 5 koloko madzulo. Akaika mapepalawo pamodzi adzadzionera yekha kuti kwanuko madontho ofiira ambiri ali kunja kwa makoma.

Ku Songo komweko asamangoyang'ana zimene anajambula eni pulani. Ayang'ane zimene anthu asintha. Njira zachidule zimene zadutsa pa kapinga pamene wojambula anafuna kuti anthu azizungulira. Kakhitchini ka malata kumbuyo kwa nyumba yokhala ndi khitchini kale. Galaja yosanduka chipinda chogona. Chimanga pamene panayenera kukhala maluwa. Kamsika kamene kamera pamphambano. Chilichonse mwa izi ndi funso limene wojambula sanafunse. Ajambule chigawo chawo pa 1:500, sentimita imodzi kuimira mamita 5, mizere ya pulani ndi pensulo yakuda, zosintha za anthu ndi mtundu wina. Apitenso kumabairro amene amera m'mphepete mwa tauniyo, kumene kumakhala ogulitsa pamsika ndi ogwira ntchito m'nyumba za ena, awerenge mphindi zimene amayenda kukatunga madzi ndi kukafika kuntchito. Munthu wamkulu amayenda mamita 400 pa mphindi 5 kapena 6. Wosenza chidebe cha malita 20, chimene ndi makilogalamu 20, safika pamenepo.

Za dzuwa zimene anena amisiri aziyese yekha. Azike ndodo yowongoka yotuluka mita imodzi pamalo osalala, aziyeza mthunzi wake waufupi kwambiri wa tsikulo, umene kuno umapezeka pakati pa 11:30 ndi 12 koloko. Kumapeto kwa Juni mthunzi umaloza kummwera, masentimita pafupifupi 80. Kumayambiriro kwa Novembala umasowa, dzuwa lili pamutu penipeni. Mu Disembala umaloza kumpoto, kakafupi, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale umasowanso. Akalemba zimenezi chaka chimodzi sadzakopera pulani ya ku Portugal kapena ya pa intaneti mwachimbulimbuli, chifukwa kumeneko dzuwa limadzera kummwera.

Mvula ikamagwa atuluke ndi ambulera aone kumene madzi akupita. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 80 pamalo olandira mamilimita 600 pachaka limagwetsa malita 48,000, ndipo madzi amenewo akapanda kulowa m'thanki amalowa m'maziko kapena m'nyumba ya mnansi. Ngalande imafuna kutsetsereka sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse. Angathe kuyeza ndi payipi yoonekera m'kati yodzaza madzi, monga amachitira amisiri. Aphunzirenso kukonza kona ndi chingwe: mamita 3 mbali iyi, 4 mbali inayo, pakati pake pakakwana 5 ndiye kuti kona yalunjika.

Kusukulu alimbikire masamu ndi Desenho e Geometria Descritiva, phunziro la zojambula ndi miyeso, chifukwa ndi zimene zimatsegula khomo. Maphunziro a arquitectura ndi mapulani a matauni ali ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, kumene anayamba mu 1986, ndi ku Universidade Lúrio ku Nampula. Instituto Superior Politécnico de Songo ili pakhomo pake koma njira yake ndi ya uinjiniya, ndiye asasokoneze ziwirizi. Afufuze zithunzi za nyumba za José Forjaz, amene anatsogolera sukulu ya ku Maputo ija zaka zambiri, aone mmene ankasamalira mthunzi ndi mphepo. Aonenso za wojambula mapulani wina, Pancho Guedes, makamaka nyumba ija ya Leão Que Ri ku Maputo, kuti adziwe kuti nyumba ikhoza kusekesa munthu n'kukhalabe yolimba.

Ndipo musanyoze masanje ndi magalimoto a mawaya a ana a kwanuko. Mwana wopinda waya kuti matayala agwirizane ndi thupi la galimoto akuchita sikelo kale. Mtsikanayo akhale nawo pansi aone mmene amayalira mudzi wawo wa masanje, kumene amaika khitchini ndi kumene amaika nyumba ya agogo.

Mapulani_Tete

Ndibwererenso pang'ono, chifukwa mmene tayankhulira apa mwana angayese kuti mzere wowongoka ndi tchimo. Ayi. Amene waona ambulansi ikulephera kulowa m'bairro chifukwa njira yatsala mita imodzi ndi theka, kapena mapaipi a madzi akulephera kudutsa popanda kugumula mipanda 20, amadziwa mtengo wa kusowa pulani. Mu Malichi 2019 Revúbuè atasefukira, ku Chingodzi, mumzinda wa Tete, kunamira nyumba zomangidwa m'malo amene madzi amadutsa, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anabwerezanso. Apa ndiye pamene mwana wa ku Songo ali ndi chopereka chimene ena alibe: waona ndi maso kuti tauni yokhala ndi ngalande ndi malo osiyidwa dala ndi yotheka.

Chofunika kujambula molimba ndi chochepa: misewu, njira za madzi, malo a sukulu, msika, bwalo la mpira ndi manda, ndi malo osayenera kumangapo. Zimenezi zikhomeredwe zikhomo anthu asanabwere, chifukwa pambuyo pake kugula malowo n'kodula kuposa kumanga. Msewu wa m'bairro usiyiridwe mamita 10 mpaka 12 ngakhale lero mukudutsa njinga zokha. Za m'kati mwa puloti asiyire eni ake, angowaonetsa poyambira zipinda ziwiri ndi mbali imene nyumba idzakulire osatseka mawindo a zipinda zoyambazo.

Awerengenso Lamulo la Malo la 1997, nambala 19/97, pa gawo la malo otetezedwa: mamita 50 mbali iliyonse ya njanji, mamita 30 m'mbali mwa misewu ikuluikulu ya boma, mamita 15 m'misewu yocheperapo. M'malo amenewo DUAT, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito malo, situluka. Ku Moatize ndi m'mbali mwa msewu wa ku Zóbuè anthu ambiri agula mapuloti m'kati mwa malire amenewa osadziwa.

Mmisiri_Moatize

Powonjezera pa za kukula kwa nyumba zija: mbali imene mudzawonjezere zipinda, siyani zitsulo za lamba zitatuluka masentimita 50, muzikwirire ndi konkire yofewa yosavuta kuswa kuti zisachite dzimbiri. Zikasiyidwa pamtunda mvula ziwiri zokha zadyeka. Ndipo denga loyambalo litsetserekere kutsogolo kapena m'mbali, osati kumene kudzabwere zipinda zatsopano, apo ayi madenga awiri adzakumana pa ngalande ya pakati, ndipo ngalande ya pakati pa malata ndi imene imayamba kudontha. Chimbudzi cha dzenje chikhale mamita 30 kuchokera pachitsime ndiponso kumunsi kwake, chitsime cha mnansi chiwerengedwenso.

A malume, akabwera ku tchuthi mumupezere mmisiri wa kwanuko amene akumanga, akhale naye milungu iwiri kuyambira pokhoma zikhomo mpaka pothira lamba woyamba. Avale nsapato zotseka, ndipo laimu ndi simenti asazigwire ndi manja opanda magolovesi.